Metronidazole: Mankhwala Odalirika a Tizilombo ta M'mimba Amene Amathanso Kuvulaza Mitsempha

Pa mankhwala onse amene madokotala amalembera munthu wodwala kamwazi woyambitsidwa ndi kachilombo ka amiba, wotsegula m'mimba chifukwa cha kachilombo ka giardia, kapena wovutika ndi mauka oyambitsidwa ndi kachilombo ka trichomonas, palibe odziwika kuposa metronidazole, amene ambiri amangowatchula kuti Flagyl. Ndikuwayamikira mosakayika kwa munthu amene wayezedwa n'kupezeka ndi tizilomboti, ndipo akumwa kwa masiku ochepa okha monga momwe wauzidwira. Kupitirira pamenepo chikhulupiriro changa chimachepa, chifukwa mankhwalawa amalowa mosavuta mu ubongo ndi m'mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo akamwedwa nthawi yaitali kapena mobwerezabwereza amatha kusiya munthu ali ndi dzanzi m'mapazi, akudzandira poyenda, kapenanso atasokonekera mutu. Imeneyi ndi mbali imene wodwala sauzidwa kawirikawiri pamene akulandira mapiritsi ake.

Madokotala ali ndi chifukwa chomveka chokondera mankhwalawa. Asanabwere, kamwazi wa amiba ankachizidwa ndi jakisoni wa emetine, mankhwala oopsa ku mtima moti wodwala ankafunika kugona osadzuka ndi kuyang'aniridwa mosalekeza. Kampani ya Rhône-Poulenc ya ku France ndiyo inapanga metronidazole, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1960 pochiza trichomonas. Mu 1962 zinadziwika mwangozi kuti amaphanso mabakiteriya ena, pamene wodwala amene ankamwa chifukwa cha trichomonas anachira zilonda za m'nkhama nthawi yomweyo, ndipo mu 1966 madokotala a ku Durban anasonyeza kuti amachiza kamwazi wa amiba komanso chithupsa cha m'chiwindi chimene kachilomboka kamayambitsa. Kuchokera nthawi imeneyo matenda amene ankafuna jakisoni woopsa anayamba kuchizidwa ndi mapiritsi, ndipo lero metronidazole ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosangalatsa. Piritsi likangomezedwa siliyamba kupha tizilombo nthawi yomweyo. Mankhwalawa amasanduka chida chakupha pokhapokha akalowa m'kati mwa kachilombo kamene kamakhala malo opanda mpweya wa okosijeni, monga amiba, giardia ndi trichomonas. M'tizilombo totere muli njira ina yopangira mphamvu imene maselo a munthu alibe, ndipo njira imeneyo ndiyo imasintha metronidazole kukhala tizidutswa taukali timene timadula DNA ya kachilomboko, imene imasunga malangizo a moyo wake, mpaka kufa. N'chifukwa chake munthu amatha kumwa mlingo waukulu ndithu osavulala, pamene tizilombo tikutha.

Kumwa kwake kokha sikokoma, ndipo apa sindingawanamizire ubwino. Piritsi losakutidwa likakhudza lilime kuwawa kwake kumafalikira m'kamwa monse musanafike pa kapu ya madzi, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri m'kamwa mumayamba kumveka chitsulochitsulo, moti ngakhale madzi akumwa amasintha kakomedwe. Nseru imabwera kwa ambiri, ena mutu umawapweteka, ndipo mkodzo umatha kuda n'kukhala wofiirira, zimene zimaopsa munthu amene sanachenjezedwe ngakhale kuti zilibe vuto. Mapiritsi okutidwa kunja amachepetsa kuwawa kwa pa lilime, ndipo kumwa mutadya kumathandiza pa nseru. Zonsezi zimatha mankhwala akatha, choncho sindiziwerengera ngati cholakwa chachikulu.

Mlingo umasiyana kwambiri malinga ndi matenda, ndipo kusiyanaku ndi kumene kuli chinsinsi cha nkhani ya mitsempha. Munthu wamkulu wodwala trichomonas amapatsidwa magalamu 2 kamodzi kokha, kapena mamiligalamu 400 mpaka 500 kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi. Wodwala giardia nthawi zambiri amamwa mamiligalamu 250 katatu pa tsiku kwa masiku 5 mpaka 7, kapena magalamu 2 pa tsiku kwa masiku 3. Koma wodwala amiba amamwa mamiligalamu 750 kapena 800 katatu pa tsiku kwa masiku 5 mpaka 10. Tikawerengetsa, wa giardia amene wamwa sabata yathunthu walandira magalamu ongopitirira pang'ono 5, pamene wa amiba amene wamwa mamiligalamu 750 kwa masiku 10 walandira magalamu 22.5. Onse awiri anganene kuti "ndinamwa Flagyl", koma matupi awo asenza katundu wosiyana kutali.

Metronidazole akamezedwa amalowa m'magazi pafupifupi onse, moti mapiritsi amagwira ntchito mofanana ndi diripi. Kuchokera m'magazi amafika paliponse: m'malovu, mu mkaka wa m'mawere, m'chiwindi, ndiponso m'madzi ozungulira ubongo. Ubongo uli ndi chotchinga chimene chimaletsa mankhwala ambiri kulowa, koma awa amadutsa mosavuta kotero kuti mlingo wake m'madzi a mu ubongo umayandikira wa m'magazi. Zimenezi zimathandiza pochiza chithupsa cha mu ubongo, komano n'zomwezo zimene zimaika mitsempha pa ngozi. Chiwindi ndicho chimagaya mankhwalawa, ndipo mwa munthu wathanzi theka lake limakhala litachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 8. Chiwindi chikakhala chodwala, mankhwala amachedwa kuchoka n'kumaunjikana, choncho mlingo umene ndi wabwinobwino kwa wina umakhala wopyola muyezo kwa munthu wotere. Okalamba ndi odwala impso kwambiri nawonso amafunika kusamalidwa mofananamo.

Vuto la mitsempha limene limapezeka kawirikawiri limayambira ku zala za kumapazi. Munthu amamva dzanzi kapena kutentha kunsi kwa mapazi, ena amati zikumveka ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu, ndipo zimakhala mbali zonse ziwiri mofanana. Usiku zimakula, moti ngakhale chofunda chikakhudza zala munthu amamva kupweteka. Mankhwala akapitirira, dzanzilo limakwera kufika m'akakolo ndi m'miyendo, kenako limayamba m'nsonga za zala za m'manja, ndipo munthu amayamba kuvutika kumanga mabatani a malaya kapena kutola singano. Limayambira kumapazi chifukwa mitsempha yofika kumeneko ndiyo yaitali kuposa ina yonse, ndipo mtsempha wautali ndi umene umayamba kufooka ukakumana ndi poizoni. Akatswiri amene anasanthula pamodzi malipoti ambiri a odwala anapeza kuti vutoli silichitikachitika kwa omwa masiku ochepa, koma limachuluka kwambiri munthu akapitirira magalamu 42 onse pamodzi kapena akamwa kupitirira milungu 4.

Nambala ya 42 imeneyi iyikeni pambali pa magalamu 22.5 a wodwala amiba aja. Ulendo umodzi wa mankhwala uli kutali ndi malire. Koma munthu amene wamaliza masiku 10, n'kuona kuti m'mimba simunakhazikike, n'kuyambiranso ulendo wachiwiri motsatizana, wafika pa magalamu 45. Apa ndi pamene ndikuona kuti pali ngozi yeniyeni ya mankhwalawa: si piritsi limodzi, koma chizolowezi chowabwereza nthawi iliyonse pamene m'mimba mwabwadamuka.

Ndipo zifukwa zowabwerezera zimapezeka mosavuta. Choyamba, pali kachilombo kena kotchedwa Entamoeba dispar kamene pa makina oonera tizilombo kulabotale kamaoneka chimodzimodzi ndi Entamoeba histolytica, amiba woyambitsa matenda, chonsecho ikoko sikadwalitsa munthu. Wodwala amene m'chimbudzi chake mwapezeka mazira a kachilomboka amatha kupatsidwa metronidazole kangapo pa matenda amene alibe, pamene chimene chikumupweteka m'mimba ndi china. Chachiwiri, metronidazole amapha bwino amiba amene walowa m'khoma la matumbo ndi m'chiwindi, koma sagwira mokwanira amene watsala m'kati mwa matumbo momwe mumadutsa chakudya, popeza mankhwalawa amakhala atalowa kale m'magazi asanafike kumeneko. N'chifukwa chake malangizo a chipatala amati akatha metronidazole wodwala amiba alandire mankhwala ena otsuka m'matumbo monga paromomycin kapena diloxanide furoate. Gawo lachiwirili likadumphidwa matenda amatha kubwerera, ndipo yankho lachidule limakhala kubwereza metronidazole yemweyo. Chachitatu, giardia akafa, m'mimba mumatha kukhalabe mosokonezeka kwa milungu ingapo, makamaka munthu akamwa mkaka, chifukwa khoma la matumbo limatenga nthawi kuti lipole. Munthu wosauzidwa amaganiza kuti tizilombo tikadalimo.

Dzanzi likayamba, chimene chimapulumutsa ndi kusiya mankhwala msanga. Ambiri amachira, ngakhale kuti kuchirako kumatenga milungu kapena miyezi chifukwa mitsempha imaphuka pang'onopang'ono, ndipo alipo ena amene dzanzilo silinawathere kotheratu. Chovuta n'chakuti anthu ambiri amene amalandira metronidazole ali kale ndi zifukwa zina zochitira dzanzi: matenda a shuga, kachilombo ka HIV, mankhwala a chifuwa chachikulu a isoniazid, kumwa mowa kwa zaka zambiri, kapena kuperewera kwa mavitamini a B. Mwa anthu oterewa dzanzi likakula, wodwala ndi dokotala yemwe amafulumira kuloza chala matenda akalewo, ndipo mapiritsi amapitirizidwa. Amene ali m'gulu limeneli ayenera kunena yekha asanayambe kumwa, osadikira kufunsidwa.

Vuto lachiwiri ndi la ubongo weniweniwo. Silichitika kawirikawiri, koma likachitika limaopsa banja lonse. Kumbuyo kwa mutu, chakunkhongo, kuli gawo la ubongo lotchedwa cerebellum limene limayang'anira kuti munthu aziima osagwa, aziyenda mowongoka ndi kulankhula momveka, ndipo metronidazole amakonda kukhudza gawo limeneli. Wodwala amayamba kulankhula mokoka mawu, lilime likulemera. Poyenda amatangadza miyendo ndi kugwira makoma, akafuna kutenga kapu dzanja limapitirira kapena kunjenjemera, ndipo maso amatha kugwedezeka okha. Anthu omuona amamuyesa woledzera, ena amaganiza kuti wadwala sitiroko. Zikakula amasokonekera maganizo, amagona tulo tosadzutsika bwino, ndipo ena amakomoka n'kumaphupha monga wakhunyu. Palinso malipoti a anthu amene anayamba kuona mwachimbuuzi chifukwa mtsempha wa diso unakhudzidwa, ndi ena amene anauma khosi ndi kutentha thupi patangopita maola ochepa atamwa, popanda kachilombo kalikonse m'madzi a mu ubongo.

Pamene pali makina ojambula ubongo a MRI, chithunzi chimaonetsa mawanga owala mbali zonse ziwiri mofanana pa timagawo totchedwa dentate nuclei m'kati mwa cerebellum, ndipo nthawi zina pa mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongo. Kufanana kwa mbali ziwiriko ndi kumene kumasiyanitsa vutoli ndi sitiroko, imene nthawi zambiri imagwira mbali imodzi. Palibe mankhwala ochotsa poizoniyu; chithandizo chake ndi kusiya metronidazole ndi kusamalira wodwala, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino m'masiku ochepa, mawanga aja n'kufufutika pa chithunzi chotsatira. Ambiri mwa odwala oterewa amakhala kuti amwa kwa milungu ingapo kapena ali ndi matenda a chiwindi, koma alipo ena amene zinawayamba sabata isanathe, choncho kumwa masiku ochepa kumachepetsa ngozi popanda kuithetseratu. Madokotala a ziweto amalidziwa bwino vutoli, chifukwa agalu opatsidwa metronidazole wambiri amadzandira ndi kupendeka mutu mofananamo.

Kapepala ka malangizo kamene kamakhala m'bokosi ndi kamene ndili nako dandaulo lalikulu. Zoona zake zonse zilimo: kamanena kuti munthu akamva dzanzi kapena akayamba kudzandira asiye mankhwala n'kuonana ndi dokotala, kuti asayendetse galimoto ngati akumva chizungulire, ndipo malangizo a ku Britain amawonjezera kuti womwa kupitirira masiku 10 aziyang'aniridwa ndi kuyezedwa magazi. Koma mawu amenewa amalembedwa ndi tizilembo tating'onoting'ono pakati pa mndandanda wautali, m'chinenero cha akatswiri, moti munthu wodwala, wofooka ndi kutsegula m'mimba, sangawapeze. Ndipo pamene mapiritsi aperekedwa m'kathumba kopanda bokosi, kapepalako sikafika n'komwe kwa wodwala.

Chenjezo limene aliyense amalimva ndi la mowa. Malangizo a ku Britain amati musamwe mowa mpaka patapita maola 48 mutamaliza mankhwala, a ku America amati masiku 3, poopa kusanza, kufiira nkhope ndi kugunda kwa mtima. Chodabwitsa n'chakuti umboni wa vuto limeneli ndi wofooka, moti mu 2021 bungwe lolimbana ndi matenda la CDC la ku America linalemba m'malangizo ake a matenda opatsirana pogonana kuti kusala mowa sikofunikira kwa womwa metronidazole. Ine ndikuona kuti kusala mowa n'kwanzerube, koma pa chifukwa china: mowa pawokha umavulaza mitsempha ndi chiwindi, ndipo munthu amene wamwa akayamba kudzandira palibe amene angaganize za mankhwala. Chimene ndikudandaula n'chakuti chenjezo lokayikitsali latenga malo onse, pamene la dzanzi ndi kudzandira, limene umboni wake ndi wolimba, limatsala osatchulidwa.

Pali mankhwala ena amene sagwirizana ndi metronidazole, ndipo angapo mwa iwo akukhudza ubongo. Munthu amene akumwa disulfiram pofuna kusiya mowa sayenera kulandira metronidazole mpaka patapita milungu 2, chifukwa kuphatikiza awiriwa kwachititsapo anthu misala yadzidzidzi. Womwa lithium pa matenda a maganizo amatha kuunjikana lithium m'magazi mpaka kufika poopsa. Phenobarbital, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu, amafulumizitsa chiwindi kugaya metronidazole kotero kuti mankhwala amachepa mphamvu, pamene phenytoin, mankhwala enanso a khunyu, amatha kuchuluka m'magazi, ndipo phenytoin wochuluka nayenso amadzandiritsa. Warfarin, wochepetsa kuundana kwa magazi, amawonjezeka mphamvu n'kuyambitsa kutaya magazi. Odwala matenda osowa a chibadwa otchedwa Cockayne syndrome sayenera kuwamwa konse chifukwa amawononga chiwindi chawo mofulumira.

Kodi alipo ena abwino kuposa awa? Tinidazole ndi wa banja lomweli, amakhalitsa m'magazi kwa maola 12 mpaka 14 theka lake lisanachoke, ndipo pa giardia amamwedwa magalamu 2 kamodzi basi. Kwa munthu wamkulu wodwala giardia ine ndingasankhe ameneyu pamene akupezeka, popeza masiku a nseru amachepa ndipo palibe mpata woiwala mapiritsi. Komabe pokhala wa banja limodzi, chenjezo la mitsempha ali nalonso, ndipo munthu amene anachitapo dzanzi kapena kudzandira ndi metronidazole asamuone tinidazole ngati pothawira. Banja lonseli lili ndi khalidweli: benznidazole, amene amachiza matenda a Chagas ku Latin America, amadziwika ndi vuto lomweli la mitsempha ya kumapazi. Amene akufunika kulipewa banjali ali ndi nitazoxanide kapena albendazole pa giardia. Pa chithupsa cha amiba m'chiwindi ndi pa trichomonas, mankhwala a banja la metronidazole ndi amene akadali patsogolo, ndipo kuwakana chifukwa cha mantha kungakhale kudziika pa ngozi yaikulu kuposa imene munthu akuithawa, popeza chithupsa cha m'chiwindi chosachizidwa chimatha kuphulika n'kupha.

Choncho amene ndingamulimbikitse kumwa ndi mtima wonse ndi munthu amene matenda ake atsimikizika, chiwindi chake chili bwino, ndipo wapatsidwa masiku owerengeka. Amene ndingamuuze kuti ayambe wakambirana bwino ndi dokotala ndi wodwala chiwindi, wakhunyu, wokalamba, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi aliyense amene mapazi ake amachita kale dzanzi. Amene ndingamuletse ndi uja wosunga mapiritsi otsala m'nyumba kuti azimwa m'mimba mukavuta, komanso amene akufuna kuyamba ulendo wachiwiri popanda kuyezedwanso. Popita kwa dokotala wina n'kofunika kunena kuti munamwa liti metronidazole, mlingo wanji ndi kwa masiku angati, chifukwa iyeyo sangawerengetse magalamu amene simunamuuze.

Achibale a wodwala ali ndi gawo lawo, popeza munthu amene ubongo wake wayamba kukhudzidwa nthawi zambiri sazindikira yekha kuti mawu ake asintha. Mukaona kuti amene akumwa mankhwalawa wayamba kukoka mawu, kugwira khoma popita kuchimbudzi, kapena kuyankha zosagwirizana ndi funso, musamupatse piritsi lotsatira, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga mapiritsi otsalawo kuti dokotala awaone. Dzanzi la m'mapazi nalonso lisadikire tsiku lomaliza mankhwala. Kungosiya n'kukhala pakhomo sikokwanira, makamaka kwa wodwala chithupsa cha m'chiwindi, chifukwa matenda amene amachizidwawo akadalipo ndipo dokotala ayenera kusankha chithandizo china cholowa m'malo.